Mmene a Severino Anaphunzitsira Galu Kununkhiza Matenda

Mukafika ku Mualadzi n'kufunsa kwa a Severino, anthu adzakufunsani kuti a Severino ake ati, okhoma zidebe kapena a agalu. Athu ano ndi a agalu. Ndi bambo wamfupi wa miyendo ya matewe, woyenda atatukula chifuwa ngati anakhalapo msilikali, chonsecho mfuti sanaigwirepo chibadwire. Sukulu anailekera kalasi yachitatu, chifukwa mayeso ankagwera nthawi yokumba mbewa, ndipo iwo anaona kuti mbewa sizidikira munthu.

Anakwatira a Feliciana ndevu zisanamere bwino, nakamanga nyumba kwawo kwa mkaziyo monga mwa mwambo wathu. Nkhondo itafika anathawira ku Zambia, mwana kumsana kwa mayi, katundu pamutu, mbuzi imodzi pachingwe. Mbuziyo inadula chingwe pamalire n'kubwerera yokha, ndipo mpaka lero a Severino amati ndi nyama yokhayo imene inawaposa kukonda dziko. Kumsasa wa othawa nkhondo anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, akudya nyemba za chithandizo zimene zinkamaliza mtolo wa nkhuni zisanapse.

Atabwerera anapeza njira ndi minda zili ndi mabomba okwirira pansi, aja timawatcha mina. Kunabwera azungu a bungwe lina ndi agalu akuluakulu a makutu oimirira, odziwa kununkhiza mina, ndipo a Severino analembedwa ntchito. Iwo akamafotokoza pa bawo amati anali shefi, ndiye kuti bwana wa agalu. Amene anaona ndi maso amati ntchito yawo inali kutungira agaluwo madzi, kusesa m'khola, ndi kugwira ambulera galu akamapuma padzuwa. Koma tisawalande zonse, maso anali nawo. Anaona kuti galu wophunzira akamva fungo la mina sauwa ndipo safukula, amangokhala pansi n'kuyang'ana mbuye wake, kenako amalandira mpira. Anagwira mawu awiri, "buska" pomutuma galu kuti afufuze, ndi "senta" pomukhazika pansi. Fodya anasiyira komweko, mzungu atawauza kuti utsi umapha mphuno ya galu. Ntchito itatha anawasiyira chipewa chabuluu, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pawo sipasowa galu wa dzina la udindo wa usilikali. Kunali Kabo, kunali Sarijento, ndipo wa lero ndi Tenente, kagalu kofiirira kong'ambika khutu limodzi, kakuba mazira kodziwika mudzi wonse.

Chaka chatha, nthawi yofukula mtedza, a Feliciana anayamba kutembenukira kukhoma akamavala. Koma anthu ogona mphasa imodzi zaka makumi anayi sabisirana thupi nthawi yaitali. A Severino anakapeza ndi dzanja lawo, kanthu kolimba m'bere lakumanzere, kakang'ono ngati nzama, kosapweteka koma kosasuntha.

"Amake Ivone, aka n'kachiyani?"

"Ndi ukalamba. Inunso muli ndi zotupa zanu, ine sindiziwerenga."

"Tiyeni kuchipatala ku Chifunde akakaone."

"Akakaone ndani? Chotsani dzanja. Ndipo ndikadzamva kuti mwauza Ivone kapena munthu wina aliyense, kumbukirani kuti pano m'pakwathu. Mudzapinda bulangeti lanu n'kubwerera kwanu kumene munachokera."

A Severino analonjeza. Kwawo kumene anachokerako kunatsala mitengo ya mango iwiri ndi manda. Koma kanthu kaja sikanawachoke m'zala. Akagwira khasu ankakamva, akagwira njinga ankakamva, ndipo pa bawo anayamba kudyedwa ndi anthu amene kale sankawadya.

Mwezi wa Junyu kunabwera Ivone, mwana wawo wogulitsa m'sitolo ku Tete, kudzaona makolo. Atakhala pakhonde anatulutsa telefoni.

"Papai, bwerani muone anzanu."

Pa telefonipo panali agalu a kudziko la azungu. Azimayi ankapumira m'maskara, tinsalu tija tophimba pakamwa ndi mphuno, mamaskarawo ankaikidwa m'zitini zondandalika, ndipo galu ankayenda kununkhiza chitini chilichonse. Atafika pa china anakhala pansi.

"Akuti akuyesa ngati galu angamve khansa ya m'mawere mu mpweya wa munthu," anatero Ivone. "Koma akadali kufufuza, sanatsimikize."

Mawu omalizawo anadutsa pamwamba pa chipewa chabuluu. A Severino anaona chinthu chimodzi, galu wakhala pansi monga ankachitira a mina aja. Anauza Ivone kuti abwezeretse kanayi konse. Nzeru inawabwerera pomwepo. Mkazi wawo sankamva za iwo, sankamva za chipatala, koma galu atakhala pansi pamaso pa amayi anzawo, akanathawira kuti? Ndipo lonjezo likanakhala chilili. Iwo analonjeza kusauza munthu. Tenente sanalonjeze kanthu.

Chovuta chinali chakuti galu samva fungo limene sunamuphunzitse, ndipo m'mudzi monse munthu wodziwika kuti anadwalapo matendawa anali mmodzi, Odete, mwana wa amalume awo. Asuweni kuno amatukwanana momwe afunira popanda mlandu, ndipo awiriwa mwayi umenewo sanauwonongepo tsiku limodzi. Anamupeza akusenda chinangwa.

"Odete, mkazi wanga wa pachisuweni, undigawireko mpweya wako."

"Wako watha? Ndinkadziwa kuti tsiku lina udzaumaliza ndi mabodza."

A Severino anafotokoza za agalu a pa telefoni, akuonjezera pang'ono kuti ena mwa agaluwo anali zidzukulu za agalu awo a mina.

"Iwe Severino, matendawo anawachotsa ku Tete zaka zinayi zapitazo, pamodzi ndi bere lomwe. Galu wako akanunkhiza chiyani?"

"Mphika wophikira nsomba ngakhale uutsuke ndi phulusa, kafungo kamatsala."

"Ndiye ine ndine mphika wa nsomba."

"Wadothi, wakale, wong'aluka kukamwa."

Odete anawaponyera khoko la chinangwa, kenako analandira maskara n'kupumiramo. Mamaskara sanali osowa, nyumba iliyonse inali nawo a nthawi ya korona atapachikidwa pamsomali. Zitini anatola za tomato kumsika. Mpira analibe, choncho malipiro a Tenente anali kapenta mmodzi, kansomba kouma. Kuseri kwa nkhokwe ankandandalika zitini zinayi, chimodzi cha mpweya wa Odete, chimodzi cha mpweya wawo, ziwiri za mamaskara opanda mpweya wa munthu. Sabata yoyamba Tenente ankagubuduza zitini zonse kufuna kapenta. Yachiwiri anakodzera chimodzi. Yachitatu, m'mawa wina, anayenda mzere wonse mwaulemu, nafika pa chitini cha Odete, nakhala pansi. A Severino anasintha malo a zitini kakhumi, ndipo kakhumi konse galu sanaphonye. Tsiku limenelo anamuvulira Tenente chipewa.

Kupeza amayi oti ayesedwe kunali nkhondo ina. Mpweya ndi malovu a munthu wamkazi sizopatsa mwamuna wa mwini kuti akasunge m'chitini. Aliyense amadziwa zimene anthu amapanga ndi zinthu zotere, ukhoza kudzuka m'mawa ukukonda munthu wa miyendo ya matewe osadziwa chifukwa chake. Amayi onse anakana. Amene anawathyola ndi Odete, pa mjigo.

"Mukuopa kuti Severino akupangirani mankhwala achikondi? Ine wandisungira mpweya masabata atatu, ndipo ndikamuona mtima umanyansidwa monga kale."

Anagwirizana kuti ayesedwe Loweruka akamaliza kusesa kutchalitchi, ndipo aliyense akawotche yekha maskara yake zikatha. Anapezeka asanu ndi awiri. A Feliciana sanafune, koma mkazi wa mwini galu akanakana bwanji anzake atavomera? Anawayang'ana amuna awo ndi diso lija lopsereza udzu, n'kupumira m'maskara ngati akuuzira moto wa nkhuni zaziwisi.

A Severino anakonza bwalo ngati munda wa mina. Anakhoma zikhomo, namanga zingwe ziwiri, naika miyala m'mbali, nauza anthu kuti wodumpha chingwe mlandu ndi wake. Amuna a pa bawo anabwera kudzaseka. Zitini zisanu ndi ziwiri zinandandalikidwa, mayi aliyense ataima kuseri kwa chake.

"Tenente, buska."

Galu anadutsa chitini choyamba. Pa chachiwiri, cha Odete, anakhala pansi, ndipo anthu anang'ung'udza chifukwa za Odete ankazidziwa. Analandira kapenta, nadutsa chachitatu. Pa chachinayi anakhalanso pansi. Chinali cha a Esperança, akazi a mkulu wa mpingo, mayi wonenepa wa mawu aakulu amene amatsogolera nyimbo. Kuseka kunatha. Pa chachisanu anakhalanso, cha a Vaileti, nkhalamba yopanda mano. Chachisanu ndi chimodzi chinali cha a Feliciana. A Severino anafupikitsa chingwe cha galu. Tenente analowetsa mphuno, naitulutsa, nayasamula, napitirira.

"Buska, Tenente. Buska bwinobwino."

Anamubweza kawiri. Galu anayang'ana thumba la kapenta, nayang'ana nkhuku imene inkadutsa, osakhala pansi.

Pobwerera kunyumba a Feliciana ankayenda ngati mtsikana. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Mwaona, atate ake Ivone? Ngakhale galu wanu wanena. Nkhani ija yatha, musadzaitchulenso."

Madzulo amenewo anaphika akuimba. A Severino anakhala pa mtondo wogwa. Anakumba dzenje kuti mkazi wawo agweremo, ndipo m'malo mwake anawamangira mlatho. Poyamba mayiyo ankakana chipatala ndi mantha, tsopano ankakana ndi umboni.

Lolemba a Esperança ndi a Vaileti anakwera mota, njinga yamoto ija, kupita ku Chifunde, mpingo wonse ukuwapempherera. Anabwerako fumbi lili m'nsidze. Enfermera, namwino wa kumeneko, anawapima onse awiri bwinobwino ndipo sanapeze chotupa chilichonse. Anawapatsanso uthenga woti akapereke: akauzidwe adotolo a agaluwo kuti asiye kuopseza anthu, ndipo mayi aliyense amene wamva kanthu m'bere abwere ndi miyendo yake, asadikire galu. A Esperança uthengawo anaupereka ataima pamsewu, ndi mawu awo onse a nyimbo, mpaka a Severino okhoma zidebe anatuluka kudzanena kuti si iwo.

M'mawa mwake a Severino anapita kwa Odete mapewa atagwa. Anamupeza akuseka yekha asanamuuze kanthu.

"Khala pansi, dotolo. Senta." Odete anamasula mfundo ya kapulana, chitenje chake, natulutsa kabotolo ka fodya wopera, natsina pang'ono n'kuika kuseri kwa mlomo. Tenente, amene anali kununkhiza khola la nkhuku, anathamanga n'kudzakhala pansi patsogolo pake, mchira ukusesa fumbi.

A Severino anayang'ana galu, nayang'ana kabotolo.

"Ndimapera ndekha," anatero Odete. "A Vaileti amagula kwa ine. A Esperança amatuma mdzukulu ndi kambale kovindikira, amati akufuna mchere. Galu wako waphunziradi, msuweni. Waphunzira kugwira amayi odya fodya mobisa."

"Unadziwa liti?"

"Loweruka lomwelo, atangokhala pa chitini cha a Esperança."

"Ndiye osanena?"

"Ndinene bwanji? Mayi amene amaima kutsogolo n'kumati fodya ndi udzu wa Satana? Ndinati apite, mota iwagwedezeko pang'ono. Ndiponso kupimidwa sikunaphepo munthu." Odete analavula, nawayang'anitsitsa. "Koma iwe nkhope yagwa bwanji chonchi? Kupusa kwako si kwa lero. Pali china?"

A Severino anakumbukira lonjezo lija. Anangoti, "Undipatseko kafodya pang'ono."

"Wayambanso?"

"Ndi ka galu."

Ali m'njira anakonza bodza lawo. Ngati Tenente amakhala pansi chifukwa cha fodya, ndiye fodya apezeke pamene akufunika. Anatenga maskara, napaka fodya m'kati mwake, nakung'untha pang'ono. Munthu amene anasiya fodya zaka makumi atatu zapitazo amaiwala mphamvu yake, ndipo wa Odete ndi uja wosakaniza ndi chidulo, wodzutsa ndi wokomoka yemwe.

A Feliciana anali pamkeka akusola mtedza.

"Amake Ivone, azungu aja ankati munda umayesedwa kawiri. Kamodzi sikakwana. Pumiraninso umu."

"Simunakhute manyazi a dzulo?"

"Kamodzi kokha, ndiye ndisiya."

Kuti awachotse pamaso, mayiyo anavala maskara n'kukoka mpweya wamphamvu. Anayetsemula kasanu ndi kawiri motsatizana. Nkhuku zinabalalika, mtedza unamwazika, misozi ndi mamina zinatsika pamodzi. Tenente anafika pomwepo n'kukhala pansi mwaulemu, kudikira kapenta wake.

A Feliciana anavula maskara, naitembenuza, naona ufa wakuda uja. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana.

"Atate ake Ivone, mwafika pondithira mankhwala?"

"Si mankhwala. Ndi fodya wa Odete."

"Ndiye mundiuze bwino, ndisanakutulutsireni bulangeti."

A Severino anavula chipewa n'kukhala pansi pa dothi, pafupi ndi galu wawo.

"Galuyu sadziwa kanthu. Amadziwa fodya, kapenta ndi mazira a eni. Pa chitini chanu sanakhale chifukwa inu simudya fodya, basi. Amene akudziwa ndine. Nthawi ya mtedza kanali ngati nzama. Lero kali ngati dzira la nkhunda. Sindinauze munthu, ngakhale Odete wandifunsa lero lomwe. Koma bulangetilo ngati mukutulutsa tulutsani, ndikagona pansi pa mango kwathu, bola inu mupite."

Mayiyo anayamba kutola mtedza umodziumodzi n'kumaponya m'lichero. Anatola nthawi yaitali.

"Odete anapita ku Tete ndi awiri, anabwera ndi limodzi," anatero osadzutsa mutu. "Bala lisanapole, mwamuna wake anali atakwatira kale ku Cassacatiza. Anthu pa mjigo ankamuyang'ana pachifuwa asanamupatse moni."

"Mwamuna wa Odete anali ndi mota ndi mano onse. Ine ndikakwatira ndani? Mwaona nokha, amayi a m'mudzi muno amakana kundipatsa ngakhale mpweya."

Pakamwa pa a Feliciana panagwedezeka pang'ono, koma anadziletsa kuseka.

"Ndipo awiriwo ntchito yawo anaigwira kale, ana asanu anayamwa n'kukhuta," anapitiriza a Severino. "Ine ndikufuna mwini wake. Odete uja ali ndi limodzi, koma lero m'mawa wanditukwana mpaka ndasowa poyang'ana. Ndikufuna inunso muzinditukwana choncho zaka zina makumi awiri."

"Makumi awiri ndi ochepa pa zimene mwachita."

"Onjezerani."

A Feliciana anakankha lichero. Anayang'ana galu, amene anali akadali chikhalire kudikira malipiro ake.

"Mupatseni kapenta wakeyo, wagwira ntchito imene munamuphunzitsa. Tsopano mverani. Mukapepese kwa a Esperança ndi a Vaileti, ndipo za fodyazo musakatchule pamaso pa amuna a eni. Zitini zija mukataye. Ivone ndimuuza ndekha. Ku Chifunde ndipita ndi Odete, iye njira ya zimenezi akuidziwa. Inu mutsale, mungakayambe kuphunzitsa enfermera ntchito."

Anapita Lachinayi m'mawa, amayi awiri pa mota imodzi, Odete ali kumbuyo akuuza woyendetsa kuti akawagwetsa amukwatira. A Severino anapepesa kumene anatumidwa. A Esperança anawakhululukira mofulumira modabwitsa, atangomva kuti galuyo wapuma pantchito. Kenako a Severino anakakhala pamphambano pansi pa mtengo wa masuku kuyambira dzuwa lili pamutu. Mota iliyonse ikamveka ankaimirira, ikadutsa ankakhala pansi, ndipo amuna a pa bawo akuti tsiku limenelo munthu sakanasiyanitsa wophunzitsa ndi wophunzitsidwa.

Dzuwa litapendeka mota ija inafika. Odete anatsika osatukwana munthu, nawagwira msuweni wake paphewa, napita kwawo. A Feliciana anamasula mfundo ya kapulana n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Iyi ndi giya, kalata yopitira ku chipatala chachikulu ku Tete. Enfermera wakamva. Akuti sanganene kuti n'chiyani mpaka akatengeko kachidutswa akapime, koma akuti ndachita bwino kubwera kasanakule." Anawapatsa pepalalo ngakhale ankadziwa kuti a kalasi yachitatu awerengapo dzina lokha. "Tinyamuka Lolemba. Ivone akatidikira potsikira shapa, pa siteji ya minibasi paja."

"Tinyamuka? Inu ndi Odete?"

"Odete ali ndi chinangwa chake choti aanike. Mupeze wosunga galu wanuyo. Chikwama changa n'cholemera, ndipo enfermera wati dzanja ili ndisamanyamulire katundu."